Nyimbo Yatsopano ya a Kiyi

Dzina loti a Kiyi anawapatsa ndi anyamata a besi. Zaka zonse zimene bambowa ankatsogolera kwaya ya parishi, munthu akangophonya pang'ono ankaimitsa nyimbo ndi chikhatho, n'kukuwa kuti, "Kiyi! Kiyi, abale inu!" Dzinalo linamera mizu mpaka Bambo Mfumu omwe ankalitchula polengeza m'tchalitchi. Akazi awo nawo anangosanduka Mayi Kiyi, chonsecho m'parishi monse munalibe munthu wodana ndi kiyi ngati iwo.

Eni akewo sankakana. Ali mtsikana analowako kwaya, ndipo n'kumene anaonana ndi mwamuna wawoyo. Ukwati utangodalitsidwa, bambowo anawakokera pambali n'kuwauza mofatsa kuti, "Mayi, Mulungu amamvanso za mumtima." Kuyambira pamenepo ankakhala pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko, n'kumangogwedeza milomo. Ntchito yawo inali utelala. Yunifolomu ya kwaya ankasoka ndi iwo, ndipo wina akawaseka ankamuyankha kuti, "Ine ndimayimba ndi singano, mwanawe. Tavula malaya angawo tione ngati mawu akowo angakufunditse." Pakamwa pokha Mulungu sanawamane.

Tsiku lina m'mawa a Kiyi anagwa m'bafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatulukako amoyo, koma dzanja lamanja lili lende, mwendo akuchita kukoka, mawu atathawa. Kumva ankamva zonse, maso ankayankha bwinobwino, koma pakamwa pankatuluka liwu limodzi lokha: "Basi." Akafuna kutuluka panja, basi. Akakana mankhwala, basi. Mwana wawo akayimba foni kuchokera kutali kumene ankagwira ntchito, bambo akewo ankaigwira ndi dzanja lamanzere, n'kumangoti "basi, basi," misozi ikutsikira m'kolala.

Kwaya inatsala m'manja mwa a Nesi, mayi wachitsikana wa aluto amene ankagwira ntchito pa kiliniki ya pafupi ndi msika, ndipo kuwerenga nyimbo anaphunzira kwa a Kiyi omwewo. Lamulungu lina Misa itatha, a Nesi anabwera ndi kwaya yonse kudzazonda wodwala. Anadzaza pabalaza, ena anaima pakhonde, n'kuyambitsa imodzi mwa nyimbo zimene a Kiyi anapeka kalekale. Sanafike nayo patali. Mwini nyimbo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, n'kumenya mpando. "Basi! Basi!" Tsiku limenelo panalibe wofunsa tanthauzo. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, atazolika.

Kutchalitchi a Kiyi anakaniratu. Mayi Kiyi akawatulutsira jekete, ankaikankha ndi ndodo. Mayiwo anasiya kuwakakamiza. Anachotsa makina awo pakhonde la sitolo pamene ankasokera, n'kuwaika pabalaza, pansi pa zenera, kuti azisoka diso lili pa wodwala. Nyumba imene kale inkadzuka ndi nyimbo inatsala ndi phokoso la makina, ndi pakamwa pa Mayi Kiyi, amene tsopano ankalankhulira anthu awiri, kufunsa okha n'kudziyankha okha. Pamaso pa anthu ankaseka ngati kale. Koma akamachapa kuseri kwa nyumba, nthawi zina ankapezeka atangogwira malaya a amuna awo m'madzi, osafikisa, thovu mpaka kutha.

Zinayamba m'mawa wina akusoka madiresi a ana asukulu. Phazi lili pa chopondera, gudumu likuzungulira, anamva ngati wina akung'ung'udza nyimbo. Anayesa wailesi ya oyandikana nawo. Ataimitsa makina kuti adule ulusi, nyimboyo inaimanso. Ataponda, inayambiranso. Sanacheuke. Anatola kansalu kotsala n'kumangokasoka uku ndi uku popanda chifukwa, khutu lili kumbuyo.

Anali a Kiyi. Mawu anali olemera, otulukira mbali imodzi ya pakamwa, koma nyimboyo inkayenda mowongoka, kutsatira phazi la pa makina. Inkayambira pansi, ngati munthu amene akudzuka pampando movutikira, n'kukwera, kupuma, n'kukweranso. Mayi Kiyi kuyimba sankatha, koma nyimbo za amuna awo ankazidziwa zonse monga ankadziwira malaya awo. Iyi sinali m'gulumo.

Kansalu katadzaza ulusi mbali zonse, anatembenuka. "Bambo, imeneyi ndiye iti?"

"Basi."

"Ndi ya pa wailesi?"

A Kiyi anapukusa mutu.

"Yatsopano? Yanuyanu?"

Bambowo anayang'ana pansi ngati mwana amene wapezeka akunyambita shuga, kenako anagwedeza mutu.

Masiku otsatira nyimboyo inkabwera makina akangoyamba. Mayi Kiyi anayesa kuijambula pa foni, koma a Kiyi akangoona foni ikuwaloza ankangoti duu. Ataibisa pansi pa nsalu, inangojambula kulira kwa makina. Munthu amene ankadzudzula anzake pa kamawu kamodzi sankafuna kuti parishi imve mawu ake opotoka.

"Chabwino," anatero mayiwo Lachinayi masana, akuvala nsapato. "Poti foni mukuikana, ndiisenza ndekha."

Lachinayi linali tsiku limene kwaya inkaphunzira nyimbo mu holo ya parishi. Anapempha mayi woyandikana nawo kuti aziwasuzumira bambowo, n'kutuluka nyimbo ili m'kamwa, akuyenda nayo mosamala ngati ndowa yodzaza. Pa owotcherera zitsulo inatayikako pang'ono. Pa siteji ya basi anyamata oitanira anaidula pakati. Poipitsitsa panali pa sitolo ya mafoni, pamene sipika inkaliza nyimbo yovina. Pochoka pamenepo sankadziwanso kuti yawo ndi iti, ya sitolo ndi iti.

Atalowa mu holo, a Nesi anaimitsa anthu. "Mayi, kwagwanji? Bambo ali bwanji?"

"Ali bwino. Apeka nyimbo."

Anthu onse anatembenukira kwa mayiwo.

"Alankhula?" anafunsa a Nesi.

"Kulankhula ayi. Koma kupeka apeka. Ndabwera nayo."

"Ili pa foni?"

"Ili muno," anatero akuloza pakhosi.

Apa anyamata a besi anayang'anana. Mayi Kiyi anaima pakati pa mabenchi, anatsinzina, n'kuyimba pagulu koyamba chikwatiwire. Zimene zinatuluka, ngakhale eni akewo anamva kuti si zimene ananyamuka nazo. Wina kumbuyo anatsokomola chifuwa chabodza. Mtsikana wa sopulano analuma kolala ya bulauzi. Woyimba kiyibodi, bambo wometa tsitsi wofatsa kwambiri, ankawasakasaka ndi chala chimodzi, koma akati wawapeza, mayiwo anali atasamuka kale.

"Sekani, musathyoke nthiti," anatero atamaliza. "Ine ndine wamtengatenga chabe. Katundu akasweka m'njira, mlandu ndi wa msewu."

Anthu anaseka momasuka, koma a Nesi sanaseke. "Tabwerezaninso, mayi. Poyambira pokha."

Anabwereza kangapo. A Nesi ndi wometa uja anatolatola zidutswa, apa kulumikiza, apa kungoganizira, mpaka panatuluka kanyimbo komveka bwino ndithu, kothamanga, kovinika. Anakajambula pa foni ya mayiwo. "Mukawalizire bambo amve. Akavomereza, tiiphunzira."

Atafika kunyumba anaika foni patebulo n'kudina. A Kiyi anamvetsera mzere woyamba nsidze zili m'mwamba. Pa mzere wachiwiri nkhope inachita makwinya. Pamene nyimbo ya sitolo ija inalowerera, anamenya tebulo mpaka mabatani a m'mbale anadumpha.

"Basi! Basi! Ba... ki... Kiyi!"

Onse awiri anadzidzimuka. Mayi Kiyi anagwira pakamwa. "Mwati chiyani, bambo?"

"Kiyi!" anakuwanso, ndodo ikuloza foni. Ndiye anaiyimbira foniyo, mokweza, mokwiya, mzere wonse monga umayenera kukhalira, osasamalanso kuti pakamwa papotoka.

Mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikukunyengererani kuti mutchule dzina langa, inu liwu loyamba kubwerera n'kukhala lokalipira anthu! Chabwino. Poti zakuwawani, muwakonze nokha. Ine ntchito ya mtengatenga ndaisiya."

Ku holo a Kiyi sanapite, koma analola kuti a Nesi azibwera. Ankafika masana akaweruka ku kiliniki, yunifolomu ili m'thupi, atakwapatira kakiyibodi kakang'ono. Ankakaika pa thabwa lositira, pakati pa zidutswa za nsalu. Mayi Kiyi ankaponda makina opanda ulusi kuti apereke liwiro, a Kiyi ankang'ung'udza, a Nesi ankatsatira ndi zala. Akaphonya, dzanja lamanzere linkaloza kudenga kapena pansi. Akalondola, bambowo ankatsinzina.

Sizinali zophweka. Sopulano inatuluka msanga, koma aluto, tena ndi besi zinali m'mutu mwa munthu amene sakanatha kunena kuti apa tena adikire. Tsiku lina analimbana ndi malo amodzi mpaka a Kiyi anaponya kapu pansi, n'kukoka mwendo kupita kuchipinda. A Nesi anatsala akuyang'ana zala zawo.

"Kapena tikuwazunza, mayi."

"Kuwazunza? Mwanawe, bambo akowa akakwiya ndiye kuti ali moyo. Ine ndinkaopa chete uja. Ubwere mawa."

Akutola zidutswa za kapu, a Nesi anawafotokozera kuti kuntchito anaonapo zoterezi. Kulankhula ndi kuyimba sizidzera njira imodzi m'mutu mwa munthu, ndipo nthawi zina msewu wina ukaduka, winawo umatsala.

"Ndiye tizidzera wotsalawo," anatero Mayi Kiyi. "Ngakhale ukhale wamabampu."

Mawa lake zinadziwika kuti a Kiyi ankafuna kuti besi ayambe okha, ena onse alowe pambuyo. Zitamveka, anagwira dzanja la a Nesi n'kuligwedeza nthawi yaitali.

Chinatsala ndi mawu. Nyimbo inali itaima ndi miyendo yake yonse koma inalibe chonena, ankangoyimba la-la-la. A Nesi anayesa kuikamo mavesi a m'Masalimo, koma ena ankatalika, ena ankaperewera, ngati diresi lobwereka. Kale a Kiyi ankalemba okha mawu a nyimbo zawo, koma tsopano cholembera chinkawapulumuka, zilembo n'kumawasokonekera.

Mawuwo anadzafikira munthu amene sankawafunafuna. M'mawa wina Mayi Kiyi ankayendetsa amuna awo kuchokera kuchipinda kupita pampando wa pabalaza, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Anangoti, "Pang'onopang'ono, bambo, koma tifika." A Kiyi anaima. Anang'ung'udza mzere woyamba wa nyimbo ija akuwayang'ana m'maso. Mawuwo analowamo ngati anachita kuyeza ndi tepi.

Tsiku lonse mayiwo anali kulankhula okha, posita, podula nsalu, kuyesa liwu ili n'kulitaya, kutola lina. Masana a Nesi anapeza ndime yoyamba itasokedwa kale:

Pang'onopang'ono, Ambuye, koma tafika.
Dzanja limodzi ndi lomwe latsala,
landirani zimene lanyamula.

Mzere wapakatiwo a Kiyi anaukana. Anabisa dzanja lodwalalo pansi pa bulangete, nkhope itauma.

"Koma ndi zoona, bambo," anatero akazi awo.

"Basi."

"Mukuchita manyazi ndi dzanja lanu lomwe?"

A Nesi analowererapo mofatsa. "Mayi, mwina akunena kuti nyimbo ya pa Misa ndi ya mpingo wonse. Tikayimba choncho, aliyense azicheukira kwa bambo m'malo moyang'ana ku guwa."

A Kiyi anatsinzina.

Mayiwo ananyinyirika mpaka madzulo, poti mzerewo ankaukonda. Koma telala amadziwa kuti chovala chikamuthina mwini wake, umachimasula, ngakhale msoko utakongola bwanji. Kutacha unasanduka wakuti, "Manja athu ndi ofooka, landirani zimene anyamula." Bambo Mfumu ataimva nyimboyo anavomereza kuti ikhale ya nthawi ya zopereka, anangopempha kuti ndime ina itchule mkate ndi vinyo. Imeneyo anathandizana ndi a Nesi.

Ku holo, kwaya inaiphunzira movutikira. Anyamata a besi, amene anazolowera kubisala kumbuyo kwa anzawo, anadandaula kuti kuyamba okha kuli ngati kusamba pamsewu. A Nesi anawauza kuti amene ali ndi dandaulo akalitule kwa mwini nyimbo. Palibe anapita.

Lamulungu loyimba nyimboyo, Mayi Kiyi anatulutsa jekete n'kuiyala pabedi. Pobwera kuchokera kukhitchini anapeza bambowo akulimbana nayo okha, thukuta lili pamphumi. Anawathandiza kulowetsa dzanja lodwalalo, ndipo ananyamuka m'mamawa misewu isanadzaze. Ulendo umene kale unali wongodumpha unasanduka ulendo weniweni. Anapuma pakhonde la sitolo yotseka, anapumanso atatsamira mpanda wa sukulu. Anafika belu likulira, n'kukhala pa benchi ya kumbuyo.

Nthawi ya zopereka itakwana, a Nesi anakweza dzanja. Besi analowa okha, pansi penipeni, mpaka Mayi Kiyi anamva benchi ikunjenjemera. Anthu anadzutsa mitu. Ndime yoyamba mpingo unangomvetsera, ena akuvundukula mabuku kufuna nyimbo imene munalibemo. Wometa uja, mwina chifukwa cha mantha, anayamba kuthamanga, ndipo ndodo ya a Kiyi inagogoda pansi kufuna kumubweza. A Nesi anamuponyera diso, liwiro linabwerera m'malo mwake. Pofika ndime yachiwiri amayi a kutsogolo anali ataigwira, ndipo pamene mkate ndi vinyo zinkapita ku guwa, tchalitchi chonse chinali chikuyimba.

Pamenepo ndi pomwe Mayi Kiyi anamva mawu olemera aja pambali pawo. Sikunali kung'ung'udza ayi. "Pang'ono... pang'ono, Ambuye... koma tafika." Mawu enieni, omveka, ochokera pakamwa pamene panatsekeka chigwereni m'bafa. Sanayerekeze kucheuka, kuopa kuti angasiye. Anangoyang'ana ku guwa, atagwira mpendero wa jekete yawo mwamphamvu.

Panja Misa itatha anthu anawazungulira. Ena ankalira, ena ankangowagwira phewa. Mayi wina wa m'bungwe la amayi ananena mosabisa kuti nyimboyo ndi yozizira, iye amakonda zovinika. Mayi Kiyi anamuuza kuti yovinikayo ilipo pa foni, akafuna adzatenge. Bambo Mfumu anawerama n'kufunsa ngati parishi ingayembekezere ina. A Kiyi anayankha kuti "basi," ndipo pakati pa anyamata a besi panabuka mkangano woti kaya avomera kaya akana.

Kulankhula sikunabwerere monga kale, ndipo dzanja lija silinadzuke. Koma Lachinayi a Kiyi anayamba kupita ku holo, n'kumakhala pampando pambali pa a Nesi, amene anapitiriza kutsogolera kwaya. A Nesi anawaphunzitsanso kukweza mawu a tsiku ndi tsiku pa kanyimbo. Ena ankatuluka, ena ankakana.

M'mawa wina kunabwera mphunzitsi wachilendo wa pa sukulu ija kudzatenga siketi yake. Za m'nyumbamo sankazidziwa.

"Lowani, aphunzitsi," anatero Mayi Kiyi, n'kulumanso mapini amene ankabayira nsalu.

Atangolowa, bambo wa pampandoyo anamuyang'ana, anakoka mpweya, n'kumuyimbira mokweza bwino: "Mwa-dzu-ka bwa-nji, a-phu-nzi-tsi?"

Mayiyo anaima kakasi, chikwama chili m'manja. Anayang'ana telala, koma telala anali ndi mapini pakamwa, sakanamuthandiza. Ndiye poopa kuoneka wamwano, anakonza pakhosi, n'kuyankha moyimba nayenso: "Nda-dzu-ka bwi-no, ka-ya i-nu ba-mbo?"

A Kiyi anaseka, kuseka kwa mbali imodzi, mpaka ndodo inagwa. Mayi Kiyi analavulira mapini m'dzanja.

"Khalani pansi, aphunzitsi, siketi yanu yangotsala mpendero. Koma mwadziputira nokha. Mawu amenewo awamva bambowa, ndipo ku kwaya sopulano akuchepa. Lachinayi masana mumakhala kuti?"